Mwasintha chalichi? Uzani akwanu mukali moyo

Pa Sande m'mawa, mabanja ambili a mu Lusaka amagawikana pa siteshoni. Amai avala yunifomu ya Cigwilizano, akwela basi yopita ku RCZ. Mwana wao wamkazi, amene anakulila m'chalichi comweco, ayembekeza basi ina yopita kusukulu kumene abusa acinyamata amacita lendi kilasi, kuli kiyibodi na masipika. Mnyamata watsala m'bulangeti, akuti Mulungu amamva ngakhale munthu ali gone. Madzulo onse adya nsima imodzi, koma nkhani ya chalichi palibe woiyamba. Kukhala cete kumeneku ndiye nifuna tikambilane lelo, cifukwa kumaphulika pa tsiku loipa, tsiku la malilo.

Dziko lathu ni la opemphela. Kalembela wa mu 2010 anapeza kuti pa anthu 100 alionse, pafupifupi 95 amadzicha Akhristu, ndipo mwa iwo 20 ni Akatolika. Pa 29 December 1991 a Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ni dziko lacikhristu, ndipo mu 1996 mau amenewa analowa m'ciyambi ca malamulo a dziko. Conco kuno munthu wosiyilatu Mulungu ni wosowa. Ambili amangotsika minibasi imodzi n'kukwela ina. Koma kwa kholo limene linakunyamula kupita nawe ku ubatizo, kutsika kumeneku kumawawa monga wakana dzina la banja.

Tisanaweluze ana, tikumbukile mmene "chalichi ca makolo" cinabwelela. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero, kufupi na Chipata, mu 1899. Mu 1905 a Jesuit anakhazikika ku Chikuni, ndipo a Sabata ku Rusangu, malo onse awili kufupi na Monze. UCZ inabadwa mu 1965 pamene machalichi angapo a amishoni anagwilizana. Kambili, cikhulupililo ca banja cinadalila mishoni imene inali pafupi na mudzi, imene inali na sukulu na cipatala. Ndipo agogo amene analowa m'kalasi ya ubatizo anasiya kuthila nsembe pansi pa mtengo wa msolo, ena anasiya gule. Naonso anakhumudwitsa makolo ao. Kusiya cipembedzo cimene unaleledwamo sikunayambe na ana a WhatsApp.

Nanga masiku ano acokelanji? Pa nchito yanga ya utolankhani nakamba na anthu ambili, ndipo zifukwa zimabwelelabwelela. Wina chalichi cao cili ku Matero, iye wapeza nyumba ku Chawama, ndalama ya mabasi awili kupita na awili kubwela kulibe, so alowa ca pafupi. Wina ni mlonda, kapena agulitsa m'shopu, kapena ni kondakita, ndipo Sabata na Sande ni masiku a nchito. Mkazi akakwatiwa amauzidwa kuti atsate ca amuna ake. Mtsikana wina anatenga mimba, anamuika pa cilango, mnyamata amene anamupatsa mimbayo anapitiliza kuimba m'kwaya, ndipo mtsikanayo sanabwelelenso. Ena atopa kufuna nchito zaka zitatu, ndiye apita kumene mlaliki amachula dzina la vuto lao, amapemphelela viza, lendi na ukwati. Izi si zifukwa za anthu opusa. Ni zifukwa za anthu a m'tauni.

Manje vuto ili apa. Mu komboni, chalichi si ca pa Sande cabe. Munthu akamwalila, amai a Cigwilizano, a Dorika, a KBBK kapena a kagulu ka Akatolika ka m'delalo ndiwo amafika coyamba. Amabwela na unga, malasha na ndiwo, amagona pansi masiku atatu, amaimba mpaka kuca. Koma akulu a mpingo amayamba afunsa: kodi womwalilayu anali membala? Anali kusonkhana kuti? Apa m'pamene cinsinsi cimaululika. Amai aimilila kuti mwana wanga ni wa Dachi. Anzake abwela na abusa ao, akuti kwa zaka zisanu anali mtsogoleli wa nyimbo kwathu. Namvapo abusa awili akulimbilana pulogilamu thupi lili m'mochale. Naonaponso coipa kupambana apo: wacinyamata amene anali kudumpha lelo uku, mawa uku, ku maovanaiti konse anali kudziwika nkhope, koma palibe buku limene munali dzina lake. Ku Chingwere anapelekezedwa na pemphelo lalifupi la amalume.

Maganizo anga ni awa. Munthu wamkulu ali na ufulu wosintha. Gawo 19 la malamulo a dziko limateteza ufulu wa cikumbumtima, kuphatikizapo kusintha cipembedzo. Ufulu umenewu ni wa Mkatolika amene wapita ku Pentekosite, wa Mkhristu amene walowa Cisilamu, na wa uja amene waleka kupita kulikonse. Cimene nikana ni kucoka mobisa. Ngati mwasamuka, khalani pansi na amai na atate, muwauze kuti manje nipemphela kwakuti, abusa ni akuti, ndipo tsiku langa likafika mudzaitane awa. Adzakalipa, mwina adzalila. Koma ni bwino alile muli pamaso pao, mungathe kuwayankha, kusiyana n'kuti adzamve kwa alendo pa nyumba ya malilo. Ndipo kumene mwapitako, lembetsani dzina, pitani ku malilo a anzanu, sonkhani nao. Mpingo umanyamula munthu amene nayenso ananyamulako ena.

Cenjezo limodzi kwa osamuka. Yesani nyumba yatsopano na funso ili: kodi ikunibweza kwa abale anga kapena ikunicotsako? Ngati "papa" wakuuzani kuti ambuya anu ndiwo anamanga ukwati wanu, kuti musadye cakudya ca kumudzi, kuti ndalama ya lendi mubyale monga mbeu, kapena kuti muleke kumwa ma ARV cifukwa mwacila, tulukani msanga. Pa wodi ku cipatala, wogona pansi pambali pa bedi yanu adzakhala amai amene munawacha mfiti.

Kwa inu makolo, mwana amene wasintha chalichi sanafe. Kumutembelela, kukana kupita ku ukwati wake, kumumana dalitso, zonsezi zimangomuphunzitsa kubisa. Ambili amabwelela okha akafika zaka za m'ma 30, akafuna kubatiza mwana kapena akalakalaka nyimbo za m'buku zimene anakula nazo. Amabwelela kumene citseko cinasiyidwa cotsegula. Ena sadzabwelela, ndipo adzakhalabe ana anu.

Akulu a machalichi akale naonso adzifunse. Mwana amene munamuphunzitsa katekisimu zaka zonse zija akasowa miyezi isanu na umodzi, ndani amamutumila foni? Kambili palibe. Dzina lake limakumbukika pa nthawi ya zopeleka, kapena pa tsiku lokana kumuika m'manda. Ngati banja lapempha pemphelo pa malilo a mwana amene anacoka, pitani. Otonthozedwa ni amoyo, ndipo ena mwa iwo ni mamembala anu okhulupilika.

Nkhani iyi siifuna msonkhano waukulu kapena cilolezo ca abusa. Ifuna mphindi khumi, wailesi itazimitsidwa. Imwe amene munasamuka, kambani mlungu uno. Imwe makolo, funsani mofatsa kuti "mwanawe, upemphela kuti masiku ano?" ndipo yankho mulimvetsele mpaka kumapeto.