Werengani Magalimoto Coyamba, Msonkho Pambuyo

Tauni ikamakula, mseu ndiwo uyamba kubvutika. Pamene panali munda wa cimanga pamangidwa nyumba mazanamazana, pamene panali dambo paima sitolo yaikulu, koma mseu wopita kumeneko ukali womwe uja wakale, wopapatiza ndi wodyeka m'mbali. Akulu anati walira mvula walira matope. Tonse tifuna citukuko, ndipo matope ace ndiwo magalimoto oculuka, maenje m'miseu ndi ngozi pa mphambano. Funso limene khonsolo iriyonse iyenera kuyankha ndi ili: kodi ndani adzalipira ndalama zokuzira mseuwo?

Njira ziripo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti ndalamazo zicokere m'thumba la anthu onse okhoma misonkho, pamodzi ndi mlimi amene afika m'tauni kamodzi pa mwezi kudzagulitsa nshawa zace. Yaciwiri ndi yakuti iye amene amanga zinthu zatsopano alipire gawo lace asanapatsidwe cilolezo ca kumanga, popeza ndiye wabweretsa katundu watsopano pa mseuwo. Matauni ambiri a m'dziko la America akhala akutsata njira yaciwiriyi kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Ife tiona kuti njirayi ndi yacilungamo, koma pokhapokha ngati msonkhowo ucokera pa kuwerenga koona, osati pa kuyerekeza kwa munthu wokhala mu ofesi.

Kuwerengako kucitika motere. Akatswiri a miseu aima pa mphambano, makamaka m'mawa pamene anthu apita ku nchito ndi madzulo pamene aweruka, nalemba galimoto iriyonse yodutsa ndi kumene yakhotera. Pena agoneka kapaipi ka mphira copingasa mseu, ndipo makina awerenga okha mawilo akaponda pamenepo. Akadziwa m'mene mseu ulemedwera lero, afunsa kuti nyumba kapena sitolo yatsopanoyo idzaonjeza maulendo angati. Bungwe la akatswiri lochedwa Institute of Transportation Engineers linayamba kusindikiza buku la ciwerengero cotere m'caka ca 1976. Monga mwa bukulo, nyumba imodzi ya banja limodzi ku America ibala maulendo a galimoto oposa pang'ono 9 pa tsiku, kupita kuwerengedwa ulendo umodzi ndi kubwerera ulendo wina.

Cotsatira ndi masamu amene mwana wa sukulu angawathe. Tiyerekeze kuti kukuza mseu wina kufuna K10 miliyoni, ndipo zomangidwa zatsopano zonse pamodzi zidzabweretsa maulendo 10,000 pa tsiku. Ndiye kuti ulendo umodzi mtengo wace ndi K1,000. Nyumba ya maulendo 9 idzalipira K9,000, pamene sitolo yokoka maulendo 400 idzalipira K400,000. Wobweretsa katundu wocepa alipira zocepa, wobweretsa wambiri alipira zambiri. Koma maenje amene analipo kale womangayo asanabwere saikidwa pa mutu pace ai. Imeneyo ndi ngongole ya tauni yonse.

Pamene masamuwa sanacitidwe mokwanira, milandu yafika kutali. M'tauni ya Tigard, m'cigawo ca Oregon, Mai Florence Dolan anafuna kukuza sitolo yao yogulitsa mapaipi ndi zipangizo za magetsi. Khonsolo inati idzawalola ngati apereka mbali ya malo ao, ina ya madzi osefukira ndi ina ya njira ya oyenda pansi ndi okwera njinga. Khonsoloyo inawerenga kuti sitolo yaikuluyo idzaonjeza maulendo pafupifupi 435 pa tsiku. Koma m'caka ca 1994 Bwalo Lalikulu la Milandu la dziko la America linagamula mokomera maiwo, oweruza 5 kutsutsana ndi 4. Bwalolo silinakane kuti magalimoto adzaculuka. Cimene linapeza ncakuti khonsolo inangonena kuti njira ya njingayo ingathe kucepetsako magalimoto, osaonetsa kuti idzawacepetsadi ndi motani. Linati cimene boma lifuna kwa womanga ciyenera kulingana ndithu ndi bvuto limene womangayo abweretsa.

Mlandu wina unacokera ku El Dorado, m'cigawo ca California. M'caka ca 2016 Bambo George Sheetz anapempha cilolezo ca kuika nyumba yaing'ono pa malo ao, ndipo anauzidwa kulipira madola 23,420 a msonkho wa miseu. Mtengowo unatengedwa pa mndandanda umene akuluakulu a bomalo anakhazikitsa kale, poona dera ndi mtundu wa nyumba. Iwo analipira modandaula nakasuma. Makhoti a ku California anawabweza, nati msonkho woikidwa ndi lamulo la anthu onse sufunika kuyesedwa monga zinacitikira pa mlandu wa Mai Dolan. Mu April 2024 oweruza onse 9 a Bwalo Lalikulu anakana ganizo limeneli. Sananene kuti msonkhowo ndi wolakwa, koma anati khonsolo siingabisale kumbuyo kwa lamulo lace lomwe, ndipo anabweza mlanduwo kuti uonedwenso.

Palinso nkhani ya kumene ndalamazo zipita. Cigawo ca California comweco cinapanga lamulo m'caka ca 1987 lakuti khonsolo inene poyera nchito imene msonkho wotere udzagwira, isunge ndalamazo pazokha osazisakaniza ndi zina, ndipo zaka zisanu zirizonse ifotokoze za ndalama zimene sizinagwirebe nchito. Ikalephera, izibweze kwa eni malo. Apa mpamene pagona cikhulupiriro ca anthu. Munthu amene walipira za mseu afuna kuona mseu, osati galimoto yatsopano ya bwana pa bwalo la khonsolo.

Mwina owerenga athu a kumidzi adzafunsa kuti za ku America zitikhudza bwanji. Zitikhudza cifukwa matauni athu nawonso alikukula, ndipo akulira m'minda yathu. Chipata anakhala mzinda m'caka ca 2017, ndipo amene ayenda pa mseu waukulu wa Kum'mawa aona m'mene Lusaka afutukulira kulinga ku Chongwe. Lamulo la m'caka ca 2015 loona za kakonzedwe ka matauni ndi madera linapatsa makhonsolo udindo waukulu pa zomangamanga. Mseu wolowa m'tauni ukadzaza kapena ukaonongeka, feteleza acedwa kufika, tomato aola pa njira, ndipo wodwala wocokera kumudzi afika ku cipatala mocedwa.

Komabe khonsolo imene ingafune kutsata njirayi icenjere ndi ciwerengero cobwereka. Maulendo 9 aja anawerengedwa m'dziko limene mabanja ambiri ali ndi magalimoto ao. Kwathu kuno ambiri ayenda pansi, pa njinga, pa njinga zamoto ndi m'mabasi ang'ono. Kulipiritsa banja lopanda galimoto monga ngati liri ku California kukhala kulanda. Ndiponso magalimoto salingana. Mayeso a miseu amene anacitika ku Illinois kuyambira 1958 kufikira 1960 anaonetsa kuti kulemera kotsamira pa mawilo kukawirikiza kawiri, mseu uonongeka kuwirikiza pafupifupi ka 16. Motero nyumba yosungiramo katundu, imene iitana malori olemera tsiku ndi tsiku, siingayesedwe ndi muyeso umodzi ndi nyumba ya mphunzitsi wopuma pa nchito.

Cifukwa cace tipempha makhansala athu zinthu zitatu. Asanachule mtengo, atumize anthu kukawerenga pa miseu yathu yomweyi, nawerenge ndi njinga ndi oyenda pansi omwe. Akatha, apacike zimene apezazo pa bolodi la khonsolo m'cinenero cimene anthu amva, kuti womanga ndi mfumu ya deralo athe kubwereza masamuwo okha. Pomaliza, ndalama ya mseu ikhale ya mseu, ndipo caka ndi caka anthu auzidwe zimene zasonkhedwa ndi zimene zamangidwa.

Nanunso owerenga muli ndi mbali yanu. Mukamva kuti pafupi ndi mudzi wanu padzadulidwa mapuloti kapena padzamangidwa sitolo yaikulu, pitani ku msonkhano wa wadi yanu mukafunse khansala kuti magalimoto adzaonjezeka angati, adzadutsa pati, ndipo ndani adzalipira mseu wace. Mufunse njerwa yoyamba isanaikidwe.