Khonsolo Yolangiza Boma pa Nkhalango: Mpando wa Wootcha Makala Uli Pati?



Mwezi uno mbaula sizipuma m'makomo mwathu. Dzuwa likapendeka amayi amakoleza moto kuti futari ipse Maghrib isanakwane, ndipo usiku wa m'bandakucha amakolezanso kuti dakwi idyedwe yotentha. Amene amagula makala akudziwa momwe thumba likuthera msanga, ndi momwe mtengo wake wakwerera. Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'Malawi muno amaphikira nkhuni kapena makala. Choncho tikamakamba za kutha kwa nkhalango tisamaloze chala bambo wa panjinga yekha. Iye amadula ndi kuotcha, ife timagula ndi kuphikira, ndipo mtengo womwe unagwa ku Dzalanyama kapena ku Namizimu umathera pansi pa poto wathu.

Maganizo athu lero ndi akuti dziko lino likufunika khonsolo yamoyo yolangiza boma pa kasamalidwe ka nkhalango ndi ndondomeko zake. Koma tikuifuna pa mfundo imodzi: mukhale anthu amene amagwira nkhwangwa ndi amene amakoleza moto, ndipo zimene yalangiza zizimveka poyera. Popanda zimenezi, kuli bwino ndalama zake zigulire mbande.

Tiyambe tavomereza kuti boma silinangokhala manja lende. Ndondomeko ya nkhalango ya 1996 inakonzedwanso mu 2016. Mu 2017 kunabwera dongosolo la zaka khumi lokhudza makala, lofika 2027. Dziko lathu linalonjeza pamaso pa maiko ena kuti libwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika 2030. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la nkhalango, zilango zinakwera kwambiri. Asilikali anatumizidwa ku Dzalanyama mu 2015 kukathamangitsa ootcha makala, chifukwa mtsinje wa Lilongwe umene umamwetsa likulu lathu umachokera kumeneko. Chaka ndi chaka, kuyambira pa 15 December mpaka pa 15 April, timaona akuluakulu atagwada ndi kambande m'manja kutsogolo kwa makamera. Mapepala alipo okwanira. Koma amene anakulira ku Blantyre akayang'ana phiri la Ndirande kapena Soche sasowa lipoti kuti adziwe kumene nkhaniyi yafika. Ku Mulanje, mkungudza umene timautcha mtengo wa fuko unatsala pang'ono kutheratu: kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha paphiri lonse.

Sitinaiwale Ramadhan ya 2023. Inatipeza patangopita masiku ochepa namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera paphiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo abale athu ambiri anasala ali m'misasa ya m'masukulu. Tikhale achilungamo: mvula ija inali yoposa muyeso, ndipo phiri ngakhale lili ndi mitengo limatha kugumuka. Koma palibe angatsutse kuti nthaka yopanda mizu yoigwira imakokoloka msanga, ndipo madzi amatsika ndi liwiro lalikulu paphiri ladazi.

Nanga bwanji malamulo onsewa sakugwira? Chifukwa chachikulu chimene ife tikuona n'chakuti nkhalango imaphedwa ndi ziganizo zopangidwa m'maofesi amene si a zankhalango. Magetsi akamazima tsiku ndi tsiku, mabanja a m'tauni amene ali ndi sitovu amabwerera ku mbaula. Zinaoneka mu 2022 namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira: dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 nthawi imodzi, ndipo ogulitsa makala sanasowe msika. Onaninso momwe chinthuchi chimazungulira. Mitengo ikatha kumtunda kwa Shire, matope ndi zinyalala zimadzaza pa Nkula ndi Tedzani, magetsi amachepa, anthu amagula makala ambiri, mitengo inanso imagwa. Mtengo wa gasi umakambidwa kwina. Fodya wochiza ndi moto, amene amadya nkhuni zochuluka, ali pansi pa a zaulimi. Njerwa zootcha zili m'manja mwa omanga. Malo a m'midzi amagawa ndi mafumu. Mlonda wa nkhalango amangolandira zotsatira za zonsezi, ali ndi nsapato zong'ambika ndi dera loti sangalizungulire ndi miyendo ngakhale atayenda sabata yathunthu. Pakufunika tebulo limodzi pamene anthu onsewa angakhale n'kuuza nduna kuti chiganizo chakuti, chopangidwa ku unduna wakuti, chidya mahekitala angati.

Wina wodziwa malamulo atiuza kuti tebulo limeneli lilipo kale, ndipo sakunama. Lamulo la nkhalango la 1997 linakhazikitsa bodi yotchedwa Forestry Management Board, ntchito yake kulangiza nduna pa nkhani za mitengo ndi nkhalango. Funso lathu ndi ili: mwa ife amene tikuwerenga pano, ndani anamvapo pa wailesi kuti bodi imeneyi yalangiza chakuti, nduna yayankha chakuti? Malangizo amene amalowa m'kabati ya ku Capital Hill osatulukanso sangathandize mayi wa ku Ntaja. Kaya boma liukitsa bodi yomweyi n'kuikonza, kaya likhazikitsa khonsolo yatsopano, dzina silikutivuta. Chikutivuta ndi amene akhale pamipandoyo.

Akatswiri akhalemo, sitikukana. Tili nawo a ku Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba, a ku Bunda, a ku Mzuzu University, ndi aphunzitsi a ku koleji ya zankhalango ku Dedza. Iwowa ndi amene amadziwa kuti mombo kapena muwanga umatenga zaka zingati kuti ukhwime. Koma pambali pawo pakhale mfumu ya mudzi wochita malire ndi nkhalango ya boma, pakhale mayi amene amasenza nkhuni pamutu, pakhale wocheka matabwa, mlimi wa fodya, woweta njuchi, mlonda wa nkhalango wa pansi weniweni osati bwana wake, ndiponso wootcha makala.

Tikudziwa kuti pa wotsirizayu ena atukula nsidze. Kodi si kuika fisi m'khola la mbuzi? Ife tikuti fisiyu ali kale m'khola, ndipo wakhalamo zaka makumi angapo pamene ife tikukangana kunja. Kafukufuku wa 2007 anayerekeza kuti anthu oposa 90,000 ankadalira malonda a makala opita m'mizinda yathu inayi, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mizindayi yangokula. Munthu amene amapalasa njinga usiku wonse ndi matumba atatu sachita zimenezo pokonda. Munda wake ndi waung'ono, feteleza sakumukwanitsa, ganyu kulibe. Iyeyu amadziwa zinthu zimene palibe katswiri angazipeze m'buku: amadziwa amene amamutuma, amadziwa malole amene amabwera kudzapakira m'tchire usiku, amadziwa ndalama zimene zimatsala panjira thumba lisanafike kumsika. Tonse amene timayenda m'misewu yathu tinaonapo bambo wa panjinga akulandidwa thumba ndi njinga yomwe, pamene lole yofunditsa tenti ikudutsa bwinobwino. Khonsolo imene ikufuna kumva choonadi cha malonda amenewa iyenera kukhala ndi munthu woti atha kuchinena, ndipo atetezedwe akachinena. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Ophunzira athu amawadziwa mawu akuti shura, kukhalirana pansi kufunsana maganizo musanagamule. Chimene timawakumbutsa m'kalasi n'chakuti kufunsa munthu maganizo mutagamula kale ndi chipongwe chabe. Misonkhano yambiri imene anthu a m'midzi amaitanidwa imakhala yotero: galimoto ifika, mfumu ipatsidwa mpando wa kutsogolo, afotokozeredwa zimene zagwirizanidwa ku Lilongwe, aombe m'manja, alandire botolo la zakumwa.

Pali umboni m'dziko mwathu momwe wosonyeza kuti anthu amasunga mitengo ngati akudziwa kuti ndi yawo ndipo lamulo lake analipanga okha. Mukamayenda pa basi, yang'anani kumene kwatsala kankhalango ka mitengo yachilengedwe pakati pa minda yoyera. Kawirikawiri ndi kumanda. Kulibe mpanda, kulibe mfuti, koma aliyense amadziwa mwini wake ndi zimene zingamuchitikire akadulako popanda chilolezo cha mfumu. Lamulo la 1997 linazindikira nzeru imeneyi polola nkhalango za m'midzi ndi makomiti a m'midzi osamalira zachilengedwe. Kuyambira 1996 boma linayesanso kusamalira nkhalango zake mogwirizana ndi anthu ozungulira, poyambira ku Chimaliro ku Kasungu ndi nkhalango ya Liwonde kuno ku Machinga. Dongosolo lake linali lakuti nkhalango igawidwe m'zigawo, midzi ilime njira zotchinga moto ndi kulondera, ndipo ipindule ndi nkhuni, bowa, udzu ndi gawo la ndalama za zilolezo. Zinayenda mosiyana m'malo awiriwa. Liwonde ili m'mphepete mwa msewu waukulu, pafupi ndi misika ya nkhuni, ndipo chiyeso chodula n'chachikulu kuposa ku Chimaliro. Anthu amene anakhala m'makomiti amenewo zaka zonsezi akadali moyo, ena ndi makolo a ana amene timawaphunzitsa. Akudziwa pamene zinakhota. Khonsolo yopanda mmodzi wa iwo idzayambanso kuphunzira zimene iwo anaphunzira kale ndi thukuta.

Chachiwiri chimene tikuumirira ndi kuyankha. Lamulo linene kuti malangizo onse a khonsolo azisindikizidwa, m'Chingerezi komanso m'Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka, ndipo nduna iziyankha polemba mkati mwa nthawi yoikika. Nduna ili ndi ufulu wokana malangizo, pakuti ndi iyo imene ili ndi udindo pamaso pa Nyumba ya Malamulo. Koma ikane poyera ndipo ipereke chifukwa. Abale athu amene ali ku Joni mwina sadziwa kuti dziko limene akukhalamo lili ndi khonsolo yotere, National Forests Advisory Council, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ndipo mkati mwake muli komiti yoona za mwayi wa anthu wamba wolowa ndi kugwiritsa ntchito nkhalango. Sitikunena kuti tikopere zonse. Nkhalango za kumeneko zambiri ndi za makampani a matabwa, pamene zathu ndi nkhuni za pakhomo. Tikungoti kuika zinthu zotere m'lamulo si maloto.

Mantha ena ndi a alawansi, ndipo ifenso tili nawo. Tawaona makomiti amene ntchito yawo yaikulu ndi kukagona kunyanja masiku atatu. Mankhwala ake ndi osavuta kulemba ngakhale ndi ovuta kumwa: khonsoloyi ikhale yaing'ono, mayina a mamembala aperekedwe ndi magulu awo poyera osati kusankhidwa ndi chipani, ndipo izikumana pafupi ndi nkhalango zimene ikukamba, lero ku Chikangawa, mawa ku Thuma, mkuja ku Zomba, zitseko zili zotsegula kuti aliyense amve.

Ntchito yoti iyambe nayo siyosowa. Chaka chilichonse timauzidwa mamiliyoni a mbande zimene zabzalidwa. Khonsolo ifunse kuti zingati zinali zamoyo patatha zaka zitatu, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho chizilengezedwa. Ifunse chifukwa chake timathira ndalama zambiri m'machubu ndi nazale pamene mitengo yathu yachilengedwe imaphuka yokha pachitsa ngati titaiteteza ku moto ndi mbuzi. Mlimi aliyense anaonapo mphukira zikutuluka m'munda, ndipo kuzisiya n'kuzitengulira sikulira khobidi. Ifunse kuti nkhalango ya paini ya ku Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inaperekedwa kwa yani, pa mgwirizano wotani, ndipo ndani anabzalanso pamene anadula. Ndipo ilimbe mtima pa funso limene andale amalizemba: popeza makala sangathe mawa, kodi gulu la anthu a m'mudzi limene labzala bulugamu kapena nsungwi zake lingapeze bwanji chiphaso chootchera makala movomerezeka popanda kuyenda maulendo khumi kupita kulikulu? Lamulo limalola makala a chiphaso, koma amene ali nacho ndi owerengeka. Khomo lovomerezeka likakhala lopapatiza chotere, anthu amadzera pawindo, ndipo amene amapindula ndi wolandira chiphuphu.

Ife aphunzitsi timaiona nkhaniyi m'kaundula wa masana. Atsikana amene kale ankafika m'kalasi nthawi yabwino tsopano amafika mochedwa, ena osabwera n'komwe tsiku lokatola nkhuni, chifukwa kumene amayi awo ankatola kuseri kwa mudzi tsopano ndi ulendo wa maola. Mu Ramadhan ena amayenda ulendo umenewo ali pa swaumu.

Masiku a Eid akubwerawa aphungu ndi makhansala adzafika m'madera mwathu monga amachitira, ena ndi matumba a mpunga. Tiwalandire mwaulemu, ndipo tikatha kuthokoza tiwafunse ngati akudziwa amene ali mu bodi yolangiza nduna pa nkhalango, kuti inakumana liti komaliza, ndiponso ngati angakadzutse nkhani yoikonza m'Nyumba ya Malamulo. Inu ophunzira a sekondale, pitani kwa wapampando wa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwanu, mumufunse zimene akanauza nduna akanapatsidwa mphindi khumi. Lembani yankho lake momwe walinenera, ndipo mutitumizire kuti, in shaa Allah, tidzaliike pa tsamba lino.