Nanga Woyimbayo Akanagona Kuti?

Anzanga alembi, ndiloleni ndiyambe ndavomera mlandu wanga ndisanaloze chala wina aliyense. Nyimbo ya Route 66 ndimaikonda. Ikalira pa wailesi phazi langa limagunda pansi popanda kulituma, ndipo mawu a Nat King Cole amanditenga mtima lero monga anachitira tsiku loyamba. Ndanena izi poyambirira kuti wina asadzati ndalemba chifukwa cha nkhwidzi, kapena kuti khutu langa ndi logontha pa nkhani ya zoyimbayimba.

Chandidzutsa ndi ichi. Pa umodzi wa misonkhano yathu mnzathu wina anaimirira nanena kuti nyimbo imeneyi ndiyo chitsanzo cha mmene mlembi angatamandire dziko. Akuti palibe chifukwa chochulutsa gaga m'diwa: ungondondomeka maina a mizinda, uwapatse kamvekedwe kokoma, basi dziko lonse laonekera. Ambiri tinavomera ndi mutu, ine ndemwe. Koma nditapita kukagona tulo tinandithawa, ndipo lero ndabwera kudzabweza chivomerezo changa chija. Nyimboyi ndi yosulidwa mwaluso, zimenezo sindikana. Chimene ndikukana ndi chakuti imatamanda dziko. Imatamanda maina, ndipo maina okomawo aphimba anthu.

Tiyeni tiyambe tagwirizana za msewuwo. Unakhazikitsidwa pa 11 November 1926 ku United States, kuchokera ku Chicago kukafika ku Los Angeles, ndipo pambuyo pake anautalikitsa mpaka ku Santa Monica m'mphepete mwa nyanja ya Pacific. Kutalika kwake kunali pafupifupi mamailosi 2,448, ndiye kuti makilomita oposa 3,900, kudutsa m'zigawo zisanu ndi zitatu: Illinois, Missouri, Kansas, Oklahoma, Texas, New Mexico, Arizona ndi California. Anamaliza kuupaka wonse mu 1938. Mu 1946, nkhondo yachiwiri itangotha, mnyamata wa ku Pennsylvania dzina lake Bobby Troup anayenda pa msewu umenewu pa galimoto ndi mkazi wake Cynthia, kupita ku Los Angeles kukayesa mwayi wopeka nyimbo. Nyimboyi anaiyamba m'njira naimaliza atafika, ndipo Nat King Cole ndi gulu lake la anthu atatu anaijambula chaka chomwecho. Chuck Berry anadzaiyimbanso mu 1961, a Rolling Stones mu 1964, a Depeche Mode mu 1987, ndi ena ambiri.

Tsono yang'anani mmene mainawo anasankhidwira. Kamudzi ka Winona kali kum'mawa kwa Flagstaff, kotero munthu wopita kumadzulo amayamba wafika ku Winona. M'nyimbomo kamabwera pambuyo pa Flagstaff, chifukwa choti dzina lake limagwirizana kamvekedwe ndi Arizona. Chigawo cha Kansas, chomwe msewuwu unkadutsamo mamailosi 13, sichitchulidwa nkomwe. Sindikudandaula kuti wopeka anakhotetsa mapu; mlakatuli aliyense amatero, ndipo ife tonse tinachitapo. Ndikungofuna tione poyera kuti mzinda unkalowa m'nyimbomu chifukwa cha mmene umamvekera pa lilime. Zoti m'menemo mukukhala ndani, akudya chiyani, akumulandira ndani ndi kumubweza ndani, sizinafunsidwe.

Ndiye ine ndifunse. Nyimboyi imaitana womvera aliyense kuti akwere galimoto akasangalale pa msewu umenewu. Amene anapereka uthenga woitanawo ku dziko lonse anali munthu wakuda. Nat King Cole anabadwira ku Montgomery, Alabama, mu 1919, anakulira ku Chicago nakakhazikika ku Los Angeles, ndiye kuti nsonga zonse ziwiri za msewuwu zinali kwawo. Koma akanati atsatire malangizo a nyimbo yake yomwe mu 1946, dzuwa likalowa akanagona kuti? Ku Missouri, ku Oklahoma ndi ku Texas kunali malamulo olekanitsa azungu ndi anthu akuda. Kwina kumene malamulo otere kunalibe, mwini hotela ankangoyang'ana nkhope nkunena kuti zipinda zadzaza. M'mbali mwa msewuwu munali mizinda yambiri imene munthu wakuda sankaloledwa kupezekamo dzuwa litalowa. Edmond ku Oklahoma unali umodzi mwa iyo. Banja la anthu akuda likamayenda ulendo wotere linkanyamula kamba wokwanira, zofunda ndi petulo wapadera m'chigubu, chifukwa silinkadziwa ngati pa malo omwetsera petulo otsatira akaligulitsa kapena kulilola kulowa m'chimbudzi.

Anthu amenewa anali ndi mndandanda wawo wa maina, ndipo uwu ndiwo ndikanakonda mnzathu uja akanatiwerengera. Kuyambira mu 1936, Victor Hugo Green, wogwira ntchito ya mtengatenga wa makalata wa ku Harlem ku New York, ankasindikiza kabuku kotchedwa The Negro Motorist Green Book. M'menemo munkalembedwa mahotela, nyumba za anthu wamba zolandira alendo, malo odyera ndi omwetsera petulo kumene munthu wakuda akanaima popanda kunyozedwa kapena kumenyedwa. Kabukuka kanatuluka mpaka cha m'ma 1966. Ikani ziwirizi pambali ndi pambali. Mndandanda wa Troup umati pita ukasangalale. Mndandanda wa Green umati ima apa kuti ukafike wamoyo. Msewu ndi umodzi, zaka ndi zomwezo. Wina mwa mindandanda iwiriyi tonse timauimba pamtima, winawo ambiri a ife sitinaumvepo. Kodi ndi uti umene ukunena zoona za dzikolo?

Wina ati ndikukokomeza, munthu wotchuka ngati Cole sakanavutika. Mu 1948, patangotha zaka ziwiri nyimboyi itatuluka, Cole anagula nyumba ku Hancock Park mu Los Angeles, kumapeto kwenikweni kwa msewu wa chisangalalowu. Azungu okhala kumeneko anayesetsa kumuthamangitsa, mpaka wina anawotcha mawu onyoza pa kapinga wa pakhomo pake. Mu 1956 gulu la azungu linamulumphira ali pa nsanja akuyimba ku Birmingham, Alabama. Lamulo loletsa tsankho m'mahotela ndi m'malo odyera linadutsa mu 1964, zaka 18 nyimboyi italira koyamba. Cole anamwalira mu February 1965. Ndiye kuti ufulu woyenda msewu wa m'nyimbo yake monga munthu wina aliyense anauona miyezi yowerengeka chabe.

Msewuwu umadutsanso ku Springfield, Illinois, kumene mu 1908 azungu anaukira dera la anthu akuda, chipolowe chomwe chinathandiza kuti bungwe la NAACP libadwe mu 1909. Umadutsa ku Tulsa, kwawo kwa Cyrus Avery amene amatchedwa tate wa msewuwu, kumene mu 1921 dera la anthu akuda la Greenwood linatenthedwa ndipo anthu ambiri anaphedwa. Phulusa la Greenwood linali la zaka zisanu zokha pamene msewu unkapatsidwa nambala yake. Sindikunena kuti Troup anasiya mizinda imeneyi dala. Ndikunena kuti nyimbo ya mtundu umenewu, ngakhale ikanaitchula, sikanatha kunyamula zimene zinachitika m'menemo. Dengu lake ndi lolukidwira maina okha.

Anthu akuda si okhawo amene nyimboyi yawaphimba. Zaka khumi Troup asanadutse, msewu womwewu unali njira ya othawa njala. M'zaka za m'ma 1930 chilala ndi mphepo ya fumbi zinaononga minda ku Oklahoma, Texas ndi zigawo zoyandikana nazo, ngongole zinalanda alimi malo, ndipo mabanja zikwizikwi anamanga matilesi ndi miphika pamwamba pa magalimoto okalamba kulunjika ku California kukasaka ganyu yothyola zipatso. Mu 1936 apolisi a ku Los Angeles anatumizidwa kumalire a California kukabweza osauka. John Steinbeck analemba za anthu amenewa mu The Grapes of Wrath mu 1939, ndipo bukulo linawerengedwa ponseponse. Choncho mu 1946 palibe amene akanati sankadziwa. Kingman, Barstow ndi San Bernardino, maina amene timawavinira, kwa anthu aja anali malo owerengera timakobiri totsala ndi kupemphera kuti injini isawire m'chipululu cha Mojave.

Nanga eni nthaka? Oklahoma ndi dziko limene boma la America linakankhirako mitundu ngati Cherokee, Creek ndi Choctaw m'zaka za m'ma 1830. Gallup, yomwe imamveka bwino kwambiri m'nyimbomo, ili m'mphepete mwa dziko la mtundu wa Navajo, anthu amene mu 1864 asilikali anawayendetsa pansi mamailosi mazanamazana kupita ku Bosque Redondo, ambiri nafera m'njira. Msewu wa alendo utafika, anthu amenewa anasanduka chithunzi cha pa chikwangwani chogulitsira mikanda ndi mabulangete. Ku Holbrook, Arizona, anamanga malo ogona alendo a simenti ofanizira mahema osongoka a mitundu ya ku zigwa za pakati pa America, anthu a kutali ndi kumeneko, pamene a Navajo eniake amamanga nyumba ya mtundu wina yotchedwa hogan. Mlendo ankagona m'menemo nkudzuka akuti waona Amwenye a ku America. Umu ndi mmene nyimbo yathu imaonera dziko: pa windo la galimoto yothamanga. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe, chifukwa ndinadziyankha ndekha usiku uja. Muti iyi ndi nyimbo yovina ya mphindi zitatu, si buku la mbiri, ndipo nkupanda chilungamo kuisenzetsa mitembo yonse ya America. Mutinso Troup sanali munthu wa tsankho: pa nthawi ya nkhondo anagwira ntchito pa kampu ya Montford Point ku North Carolina kumene ankaphunzitsira asilikali akuda, ndipo nyimbo yake anaipereka kwa woyimba wakuda. Zonsezi ndikuvomera. Mkangano wanga suli ndi Troup, amene analemba zimene anaona pa ulendo wake ndi mkazi wake, zitseko zonse zili zomutsegukira. Mkangano wanga uli ndi ife amene tikufuna kuitenga nyimbo yovina nkuikhazika pa mpando wa mphunzitsi. Ikakhala pa bwalo la gule ilibe mlandu. Mukangoti umu ndimo dziko litamandidwire, mwaipatsa udindo, ndipo wa udindo amafunsidwa mafunso.

Ena atinso nyimboyi inathandiza mizindayo, chifukwa inakopa alendo. Tiyeni tione chikondi chimenechi chinatha bwanji. Mu 1956 boma linavomereza lamulo lomanga misewu ikuluikulu yotchedwa Interstate, yosalowa m'mizinda ing'onoing'ono. Oyenda aja, amene ankayimba mainawo mokweza, anakwera msewu watsopano osacheuka. Ku Glenrio, pa malire a Texas ndi New Mexico, kunatsala mabwinja. Seligman ku Arizona analambalalidwa mu 1978, Williams anali womaliza mu 1984, ndipo mu 1985 Route 66 inachotsedwa pa mndandanda wa misewu ya boma. Nthawi yonseyi nyimbo inali kulirabe m'magalimoto odutsa patali. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene anaimirira kupulumutsa chotsala anali anthu okhala m'menemo, monga Angel Delgadillo, wometa tsitsi wa ku Seligman, amene mu 1987 anasonkhanitsa anzake nayambitsa bungwe loteteza msewuwu ku Arizona. Seligman mulibe m'nyimbomo. Wometa tsitsi wa mzinda wosatchulidwa anachita zimene nyimbo yotchuka sinachite, chifukwa iye ankadziwa mzindawo ndi anthu ake, osati dzina lokha.

Tsono ndikupempha chiyani? Sindikupempha kuti tiitseke nyimboyi. Ine ndemwe ndidzaitsegulanso madzulo ano. Ndikupempha kuti tikamamva Cole akutchula Joplin ndi Amarillo mosalala choncho, timve zonse ziwiri: luso la munthuyo, ndi chakuti akutiitanira ku phwando limene iye mwini akanabwezedwa pakhomo. Nyimboyi mukaimva motero imalemera kuposa kale. Ndipo kwa ife olemba pempho langa ndi ili: musanaike dzina la mzinda m'ndakatulo yanu chifukwa likukoma pa lilime, tsikani m'galimoto. Funsani kuti m'mzindamo dzuwa likalowa ndani amagona m'nyumba, ndani amagona m'galimoto m'mbali mwa msewu, ndipo ndani amauzidwa kuti mdima usamupeze. Mukapanda kufunsa, mwina mudzalemba chinthu chovinika, koma musadzatiuze kuti mwatamanda dziko.

Mnzathu uja ali ndi ufulu woyankha m'kope lotsatira, ndipo ndidzawerenga ndi mtima wonse. Koma ayambe ndi funso langa loyamba lija, chifukwa pa msonkhano paja palibe amene analifunsa: usiku wa ulendo umenewo, woyimbayo akanagona kuti?