Walira Mvula Walira Matope: Za Dziko la Iceland ndi Alendo Ake

Iceland ndi chilumba chachikulu cha kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, dziko la mapiri ophulika moto, akasupe a madzi otentha, mathithi ndi zigwa za madzi oundana, ndipo eni dzikolo sakwana 400,000. Pakati pa chaka cha 2010 ndi 2018, alendo odzaona malo m'dzikomo anachuluka kuchokera pa 490,000 kufika pa 2.3 miliyoni pa chaka, kotero kuti mbadwa iliyonse inkalandira alendo oposa asanu ndi mmodzi. Chinabweretsa khamu limeneli makamaka ndi mgwirizano wa Boma ndi eni makampani pa ntchito yotsatsa dziko lao kunja. Mbiri ya mgwirizanowu ikuonetsa kuti Boma ndi amalonda savutika kumvana poitana alendo, koma amayamba kukokana ikafika nthawi yolipirira malo amene alendowo apondereza.

Mgwirizanowu unabadwira m'mavuto. Mu Okutobala 2008 mabanki atatu akuluakulu a dzikolo anagwa, ndalama yao ya krona inachepa mphamvu, ndipo anthu ambiri anachotsedwa ntchito. Asanapume n'komwe, mu Epulo 2010 phiri la Eyjafjallajökull linaphulika, ndipo phulusa lake linaimitsa maulendo a ndege pafupifupi 100,000 ku Ulaya. Anthu a maiko ena ataona zithunzi za utsi ndi phulusa anaganiza kuti chilumba chonse chapsa, nayamba kulepheretsa maulendo amene anali atakonza kale.

Apa m'pamene Boma, mzinda wa Reykjavík, kampani za ndege za Icelandair ndi Iceland Express, pamodzi ndi makampani ena ambiri a zokopa alendo, anasonkha ndalama zokwana pafupifupi makrona 700 miliyoni, theka lake lochokera ku Boma, nayambitsa ntchito yotsatsa dziko yotchedwa Inspired by Iceland. Pa 3 Juni 2010 anthu onse anapemphedwa kupatula ola limodzi kuti atumize uthenga pa intaneti kwa abale ndi abwenzi ao a kunja wowauza kuti dziko lili bwino ndipo alendo abwere. M'chaka chomwecho munakhazikitsidwa bungwe la Promote Iceland, limene akuluakulu ake amachokera ku Boma ndi kwa amalonda omwe. Chaka chotsatira anayamba kutsatsanso nyengo yozizira, pofuna kuti mahotela asamakhale opanda anthu m'miyezi yamdima. Pofika 2013, alendo anali kubweretsa ndalama zakunja zochuluka kuposa nsomba, zimene dzikolo linadalira kuyambira kalekale.

Kumvana kumeneku kunali kosavuta chifukwa aliyense anali ndi phindu lake looneka. Boma linkafuna ndalama zakunja ndi ntchito za anthu, a ndege ankafuna kudzaza mipando, a mahotela ankafuna kudzaza zipinda. Panalibe wotaya kanthu pa mlendo aliyense wotsika ndege pa bwalo la Keflavík.

Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Nthaka ya Iceland ndi yosalimba. Ndere zimene zimamera pa miyala ya chiphalaphala zimatenga zaka makumi ambiri kuti zibwerere zikapondedwa, ndipo galimoto ikapatuka mumsewu imasiya mikwasa yosafafanizika msanga. Chigwa cha Fjaðrárgljúfur chinali chosadziwika kwenikweni mpaka 2015 pamene woimba wa ku Canada, Justin Bieber, anajambulirako kanema. Anthu anakhamukirako mwakuti mu 2019 bungwe la Boma loona za chilengedwe linachitseka kwa miyezi ingapo kuti zomera zipezeko mpumulo. M'malo ena munasowa zimbudzi, njira zoyendamo ndi poimika magalimoto. Ku Reykjavík eni nyumba ambiri anaona kuti kugoneka alendo kudzera pa Airbnb kukupindulitsa kuposa kuchititsa lendi mbadwa, ndipo mu 2017 panaikidwa malire a masiku 90 pa chaka kwa wogoneka alendo m'nyumba mwake popanda chilolezo cha malonda.

Boma ndi amalonda sanakhale chete. Mu Okutobala 2015 unduna woona za alendo ndi bungwe la makampani a zokopa alendo la SAF anatulutsa ndondomeko imodzi yoyendetsera ntchitoyi. Uthenga wopita kunja nawonso unasintha. Mu 2016 anayamba kutulutsa makanema ophunzitsa mlendo kayendetsedwe ka galimoto pa misewu yoterera ndi kasamalidwe ka malo, ndipo mu Juni 2017 anakhazikitsa lonjezo la Icelandic Pledge, limene mlendo amavomera pa intaneti kuti adzasiya malo monga anawapezera, sadzayendetsa galimoto kunja kwa msewu, sadzagona paliponse, ndiponso sadzaika moyo wake pachiswe pofuna kujambula chithunzi. Imeneyi inali nzeru yabwino, pakuti mlendo wouzidwa mwambo asanafike salakwa kawirikawiri.

Komabe tiyenera kuzindikira kuti lonjezo lotere ndi la mtengo wotsika kwa onse. Mlendo salikakamizidwa, kampani sitayapo kanthu, ndipo limakometsanso mbiri ya dziko, motero limasanduka njira inanso yoitanira alendo ambiri. Njira zoyendamo, zimbudzi ndi malipiro a alonda a m'nkhalango zimafuna ndalama, ndipo pa nkhani ya ndalamayi m'pamene mgwirizano unayamba kugwedezeka.

Mu Disembala 2014 nduna Ragnheiður Elín Árnadóttir inapereka ku Nyumba ya Malamulo ganizo lakuti aliyense wofuna kuona malo otchuka azigula chiphaso cha makrona 1,500 chogwira ntchito zaka zitatu. Eni dziko anakana, poti mwambo wao wakale umalola munthu kuyenda m'thengo mwaufulu, ndipo a SAF nawonso sanachivomereze. Ganizolo linafera m'Nyumbamo mu 2015. Mu 2017 Boma linalengeza kuti likweza msonkho wa pa malonda a zokopa alendo, umene unali pa 11 peresenti, kuti ufanane ndi wa malonda ena. Makampani anatsutsa mwamphamvu ponena kuti alendo athawa mitengo, Bomalo linagwa mu Seputembala pa zifukwa zina, ndipo lolowa m'malo linasiya ganizolo. Kwa zaka zonsezi, thumba lokonzera malo oona alendo limene linakhazikitsidwa mu 2011 linkathamangira pambuyo pa khamu lomakulirakulira.

Dandaulo la amalonda silinali lopanda pake. Iceland ndi dziko lokwera mitengo kale, ndipo pafupifupi mlendo aliyense amafikako pa ndege. Kampani ya WOW air itagwa mu Malichi 2019, alendo anatsika kufika pa 2 miliyoni, ndipo mliri wa Covid-19 unawatsitsanso osakwana 500,000 mu 2020. Eni mahotela amene anakongola ndalama ku banki podalira khamu anamva kuwawa. N'chifukwa chake msonkho wa pa malo ogona unaimitsidwa nthawi ya mliri. Koma alendo atabwereranso kufika pa 2.2 miliyoni mu 2023, Boma linaubwezeretsa mu Januwale 2024 pa makrona 600 pa chipinda usiku uliwonse, kuwirikiza kawiri mtengo wakale, ndipo linayambanso kulipiritsa sitima zapamadzi zonyamula alendo.

Tsono chimene chikuoneka m'mbiri imeneyi n'chakuti Boma ndi amalonda ali ndi ntchito zosiyana ngakhale atakhala pa mphasa imodzi. Wamalonda amadziwa msika, amadziwa chimene mlendo akufuna, ndipo m'pake kuti azitsogolera potsatsa. Koma wamalonda amawerengera phindu la chaka chino, pamene ndere za pa Fjaðrárgljúfur zimawerengera zaka makumi. Kuika malire, kutseka malo otopa ndi kutolera msonkho ndi udindo wa Boma, ndipo Boma likadikira kuti onse olipira avomereze lisanachite kanthu, lidzadikira mpaka nthaka itatha. Dziko la Iceland linatenga masabata ochepa chabe kuti limvane za kuitana alendo, koma patapita zaka zoposa khumi linali likukanganabe za amene ayenera kulipirira mapazi ao. Chilumba chilichonse chofuna kutsata njira imeneyi chingachite bwino kukambirana za msonkho, za malire a chiwerengero ndi za wokonza malo tsiku lomwelo limene chikukambirana za kutsatsa, alendo asanafike pakhomo.