Galu wa tchende limodzi: musathamangire kumufula, koma musamusiyenso choncho

 Lero tisiye kaye za msonkho ndi mizere ya pa Beitbridge, tikambeko za agalu. Ambirife tikamachokera ku Johannesburg kapena ku Pretoria sitinyamula mabulangete ndi zipangizo za galimoto zokha. Timatengakonso tiana ta agalu, ma Boerboel, ma Rottweiler ndi ma German Shepherd. Ena ndi oti azilondera nyumba ndi katundu ife tikakhala pa ulendo, ena ndi oti tiziweta n'kumagulitsa ana awo. Mutikhululukire mawu, chifukwa nkhani ya lero njofunika kutchula zinthu ndi maina ake.

Mmodzi mwa ife anagula ka Boerboel kamphongo ka miyezi 3. Analipira ndalama zambiri, n'kuvutikanso ndi katemera wa chiwewe ndi mapepala a pa boda. Pogulapo anaona kuti m'kathumba muli tchende limodzi lokha, koma wogulitsayo anamutsimikizira kuti linalo litsika posachedwa. Pano galu wakwana miyezi 7, palibe chasintha. Ena akumuuza kuti akamufule mawa lomwe khansa isanayambe. Ena akuti amusiye, limodzi lomwelo likwanira kubereka ndipo ndalama zake zibwerera. Ife tikuti onsewa akumusokeretsa. Galu wotere ayenera kufulidwa ndithu, ndipo asabereke. Koma ngati ndi wa mtundu waukulu, nthawi yabwino ndi pamene wamaliza kukula.

Tiyambe ndi mmene zimachitikira. Kagalu kakakhala m'mimba mwa make, machende ake amapangika mkati, pafupi ndi impso. Kenako amatsika pang'onopang'ono, kudutsa pa kanjira ka m'mphechepeche mpaka kufika m'kathumba. Agalu ambiri akamakwana miyezi 2 amakhala onse awiri afika. Ena amachedwerapo, n'chifukwa chake kagalu ka miyezi 3 sitikaweruza msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma pofika miyezi 6 kanjira kaja kamakhala kachepa, ndipo tchende limene silinatsike nthawi imeneyi kawirikawiri silitsikanso. Limatsalira m'mimba kapena pansi pa khungu m'mphechepeche, ndipo lakumanja ndi limene limatsalira kwambiri. Musawononge ndalama pa jakisoni, pa mankhwala azitsamba kapena kumusisita galuyo poganiza kuti litsika. Vutoli ndi la ku mtundu, amachita kubadwa nalo.

Nanga bwanji osangolisiya, popeza galu akudya bwino ndipo akuuwa? Chifukwa tchende silinapangidwe kuti lizikhala m'kutentha kwa m'mimba. Likakhala mmenemo silipanga mbewu, koma limakhala pa chiopsezo cha chotupa kuwirikiza pafupifupi 10 kuyerekeza ndi limene linatsika. Chotupa cha m'kathumba mumachiona kapena kuchikhudza chikadali chaching'ono. Cha m'mimba chimakula mwakachetechete. Mtundu wina wa zotupazi umatulutsa mahomoni achikazi: galu amayamba kusosoka ubweya mbali zonse ziwiri mofanana, mawere amakula, ndipo agalu amphongo anzake amayamba kumutsatira ngati wamkazi. Zikafika poipa, mafupa amasiya kupanga magazi okwanira ndipo galu akhoza kufa. Palinso vuto lina ladzidzidzi. Tchende la m'mimba limalendewera momasuka, ndiye likhoza kupotokola mtsempha wake. Ululu wake ndi woopsa ndipo pamafunika opaleshoni tsiku lomwelo. Taganizani zimenezi zikuchitika inu muli pa mzere ku Nyamapanda, kunyumba kuli ana okha.

Ndiye tikulekeranji kuthamanga? Chifukwa zotupazi sizikonda kubwera galu ali mwana. Zimaoneka kwambiri pa agalu amene apitirira zaka 5. Pamene kufula galu wamkulu thupi asanamalize kukula kuli ndi mtengo wake. Mahomoni a machende ndi amene amathandiza mafupa kusiya kutalika pa nthawi yake. Mukawachotsa msanga, mafupa amatalika mopitirira pang'ono ndipo mfundo za m'chiuno, m'mawondo ndi m'zigongono zimavutika. Mu 2016 ofufuza a pa University of California, Davis anatulutsa zimene anapeza pa ma German Shepherd. Mwa amphongo amene sanafulidwe, 7 pa 100 alionse anapezeka ndi matenda a mfundo. Mwa amene anafulidwa asanakwane chaka, anali 21 pa 100. Boerboel wamkulu amaposa kulemera kwa thumba la simenti. Galu wotere akawonongeka chiuno ali ndi zaka 3, mlonda uja wasanduka wodwala wofunika kumunyamula.

Malangizo athu ndi awa. Dikirani mpaka miyezi 6 kuti mutsimikize. Ikakwana, pitani naye kwa dokotala wa ziweto akamupime n'kudziwa kumene tchendelo lili. Ngati ndi galu wamng'ono thupi, monga Chihuahua, Pomeranian kapena Yorkshire Terrier, amene vutoli limawagwira kwambiri, akhoza kufulidwa kuyambira pamenepo chifukwa amamaliza kukula msanga. Ngati ndi wa mtundu waukulu, pangani tsiku la pakati pa miyezi 12 ndi 18, ndipo lilembeni monga mmene mumalembera tsiku lothera pasipoti. Vuto lathu ife a pa msewu ndi mawu akuti "ndikabwerako ulendo uno". Ulendo umabala unzake, mpaka galu wakwana zaka 6. Asapitirire zaka 2 asanachitidwe opaleshoni.

Kudikiraku kuli ndi malire. Galu akayamba kusanza, kukana chakudya, kupinda msana kapena kulira mukamugwira pamimba, musawerengenso miyezi. Chimodzimodzi mukaona chotupa m'mphechepeche, mawere akukula kapena ubweya ukusosoka. Auzeninso a kunyumba zizindikiro zimenezi, ndipo muwasiyire nambala ya dokotala ndi ndalama yoyendera. Chinanso, galu wa tchende limodzi amabereka bwinobwino kudzera pa limene linatsika. Miyezi yodikirayi akhale mumpanda, kutali ndi aakazi amene ali pa nyengo. Ngati mpanda wanu ngwobowoka ndipo galu amagona kunja, kambiranani ndi dokotala. Mwina kwa inu kufulumirako n'kwabwino kusiyana ndi kudzaza dera lonse ndi ana ake.

Iyi si ntchito ya achimwene amene amathena mbuzi kumudzi. Mphira kapena chopanira cha ng'ombe si za galu, ndiponso tchende limene tikulifuna silioneka n'komwe. Likakhala m'mimba, dokotala amagoneka galu ndi mankhwala n'kutsegula pamimba ngati mmene amachitira ndi galu wamkazi, ndipo nthawi zina amayamba wajambula kuti adziwe pamene lili. Choncho mtengo umakwera kuposa kufula wamba, funsiranitu. Ku Lilongwe kuli chipatala cha LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, ndipo ku Lusaka ndi ku Harare madokotala a ziweto aliko. Muuzeni dokotala kuti achotse onse awiri, ndipo musachite manyazi kupempha kuti akuonetseni. Akachotsa lakunja lokha, mwalipira ndalama koma choopsa chija chatsala mkati, ndipo galu azipitirizabe makhalidwe a mphongo. Sankhaninso nthawi imene mudzakhale pakhomo masabata 2. Bala limafuna masiku 10 mpaka 14, galu asanyambite, asadumphe, ndipo asakwere nanu thiraki.

Tikudziwa pamene pakupweteka. Wina anena kuti, ndinagula galuyu kuti akhale mpamba, ndiye mukundiuza kuti ndimufule? Inde, tikutero. Ana ake amphongo ena akhoza kubadwa ndi vuto lomweli, ndipo aakazi akhoza kulinyamula mobisika n'kudzalipereka kwa ana awo. Makasitomala athu ndi anthu amene timaonana nawo tsiku ndi tsiku, pa msika, pa depoti ndi pa boda. Mukamugulitsa munthu kagalu kotere, pakatha miyezi 6 adzabwera pa shopu panu, ndipo sadzakhulupiriranso ngakhale matayala amene mumagulitsa. Ngakhale ku South Africa komweko, malamulo a ziwonetsero za agalu a bungwe la KUSA amafuna kuti galu wamphongo akhale ndi machende onse awiri m'kathumba. Zimene wogulitsa uja anachitira mnzathu, ife tisachitire ena.

Ena amaopa kuti galu wofula salondera. Kulondera kumachokera ku mtundu wa galu, maphunziro ake ndi kuzolowera pakhomo. Boerboel wofula amauwabe mlendo pa geti. Chimene chimachepa ndi kuthawa usiku kukafuna aakazi, ndipo galu amene wapita kokayenda salondera nyumba ya munthu. Chofunika n'kumuchepetsera chakudya pang'ono akafulidwa, chifukwa amanenepa msanga.

Kwa inu amene mukukonzekera kukagula ulendo ukubwerawu, safunsa anadya phula. Musanapereke ndalama, imikani kagaluko, pisani dzanja pakati pa miyendo yakumbuyo n'kukhudza modekha. Muyenera kumva timibulu tiwiri tonga nyemba. Kagalu kakachita mantha kapena kukazizira kamatha kuwakokera m'mwamba, ndiye kapatseni mpata kakhazikike, muyesenso. Mukamva kamodzi kokha, funsani kuti dokotala amene akulemba chikalata cha umoyo cha pa boda aonenso zimenezi. Ngati mukufuna wobereketsa, sankhani wina. Ngati mukufuna mlonda chabe ndipo mwamukonda, mutengeni, koma mtengo utsike ndi ndalama ya opaleshoni, ndipo mgwirizanowo ulembedwe ngakhale pa WhatsApp.

Mnzathu uja wamvana ndi dokotala kuti galu wake adzafulidwa akakwana miyezi 15. Tsikulo walilemba kale, ndipo mwezi umenewo sakaoda. Ndalama za ana agalu waziiwala, koma mlonda wa pakhomo pake amusunga. Muyende bwino pa msewu nonse.