Mvula sisankha denga, koma mavuto ake amasankha

Akonzi,

Ndawerenga kalata ya bambo wina amene akuti kusintha kwa nyengo sikukhudzana ndi nkhani za amayi, ati chifukwa mvula sisankha denga. Bambo, pamenepo mwaphonya.

Ine ndimakhala ku Woolwich, kuno ku London, pafupi ndi Thames Barrier, zitseko zikuluzikulu zachitsulo zimene zakhala zikuteteza mzindawu ku madzi osefukira kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Nanga mayi wa ku Nsanje amamuteteza ndani Shire akakwiya? Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023, amayi ndi amene anadutsa m'matope ana ali kumsana, n'kukagona m'makalasi opanda zimbudzi zokwanira, kukacha ulendo wosaka madzi ndi nkhuni. Chimanga chikakokoloka, kawirikawiri woyamba kusiya sukulu ndi mtsikana, ndipo ena amawakwatiwitsa akadali ana kuti pakhomo pachepe odya. Izi mukuzidziwa.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti dziko lino, limene linalemera ndi malasha, mu 2021 linadula thandizo lopita kumayiko osauka kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chimene limapeza pachaka, ndipo mu Febuluwale 2025 boma ku Westminster linalengeza kuti litsitsanso mpaka 0.3. Utsi unafuka m'mafakitale a kuno, koma akulipira ndi mayi wolima ndi khasu.

Musanalembenso, bambo, kachezeni kaye ndi amayi a ku Makhanga ku Nsanje.

Wowerenga wanu,
Woolwich, London