ZA CITUKUKO: MAFUTA A GALIMOTO OCOKERA M'MUNDA

Dziko la Zambia liribe zitsime za mafuta. Petulo ndi dizilo zimene zimayendetsa mabasi, mathirakitala ndi zigayo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Mafuta ena amadzera m'paipi ya Tazama, imene inatsegulidwa mu 1968 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, ena amabwera pa magalimoto a matanki. Mtengo ukakwera kutsidya la nyanja, mlimi wa ku Petauke amaumva pa cigayo ndi pa ulendo wa ku cipatala.

Pa cifukwa cimeneci, mu 2008 Boma linakhazikitsa mfundo zovomereza mafuta ocokera ku mbewu. Mu 2011 linalengeza muyeso wake, wakuti pa malita 100 a petulo pakhale malita 10 a ethanol, ndipo pa malita 100 a dizilo pakhale malita 5 a mafuta a mbewu. Ethanol ndi m'bale wake wa kacasu, koma amaphikidwa m'fakitale kufikira madzi atatheramo. Amacokera ku zotsala pophika shuga, monga zija za ku Nakambala, kapenanso ku cinangwa.

Nzeru imeneyi inayesedwa kale kwina. Dziko la Brazil linayamba mu 1975, mtengo wa mafuta utakwera kwambiri mu 1973. Anansi athu a ku Malawi anatsegula fakitale ya ethanol ku Dwangwa mu 1982, ndi ina m'boma la Chikwawa mu 2004. Kumeneko nzimbe, fakitale ndi wogula zinali pamodzi kuyambira paciyambi. Kwathu kuno muyeso unalembedwa, koma zaka khumi zinapita petulo wosakaniza asanafale pa mapampu, pakuti mafakitale okwanira kunalibe ndipo nkhani ya mtengo inacedwa kutha.

Cimene cayenda msanga ndico magetsi a dzuwa. Malo a Bangweulu ndi Ngonye, kumwera kwa Lusaka, anayamba nchito mu 2019. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, m'matauni munali mdima kwa maola ambiri tsiku ndi tsiku, ndipo mu 2025 ku Chisamba kunatsegulidwa malo ena a mamegawati 100. Dzuwa silipempha munda wa cimanga wa munthu. Mafuta a mbewu amaupempha, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza banja lirilonse la kumudzi.

Alimi ambiri akumbukira mtengo wa jatropha. Ca m'ma 2006 kufika 2009, makampani anayendera midzi kugawa mbewu ndi kulembetsa alimi mapangano a zaka zambiri, ndi lonjezo lakuti adzagula njere zake zonse. Mitengo inacedwa kubala, zokolola zinacepa, ndipo ogula ambiri sanabwerenso. Njere za jatropha ziri ndi ululu, kotero munthu sangadye, ngakhale ciweto sicingadye. Amene anapereka malo abwino anatsala ndi mitengo yopanda msika, nyengo zingapo za dzinja zitapita pacabe.

Cinangwa ndi cosiyana. Cimapirira cilala, cimakhala m'nthaka kuyembekeza mwini wake, ndipo wogula akalephera kufika, ana amadya nsima yake ndi ndiwo za masamba ake. Ngati mafuta a mbewu adzakhazikika m'dziko muno, mbewu yotere ndiyo yosaika banja pa ngozi.

Tsono, alimi, akadzafika alendo ndi mapepala, musafulumire kudinda cala. Funsani kumene kuli fakitale, ndiponso ngati inayamba kale kugwira nchito. Funsani mtengo wa kilogalamu, tsiku la malipiro, ndi amene adzalipira galimoto yonyamula katundu. Pangano liwerengedwe poyera m'Cinyanja, pamaso pa nyakwawa ndi mlangizi wa zaulimi, ndipo amayi a pakhomo akhalepo, pakuti ndiwo amadziwa cimene catsala m'nkhokwe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Dziko lifunikadi kucepetsa ndalama zimene limataya pogula mafuta kunja, ndipo alimi ali ndi mbali yao pa nchito imeneyi. Koma munda wa cakudya uyambe wakwanira, ndipo wa mafuta ukhale pa malo otsala.